Phunziro la Pasaka kwa tiana: tiwauza bwanji zoti Yesu anagonjetsa imfa?

Make Tadala (Matawale): Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga. Ndithandizeni nzeru pano. Lamulungu la Pasaka andipatsa kalasi ya tiana tija ta zaka 4 mpaka 7 ndipo mutu wake ndi woti Yesu anagonjetsa imfa. Nkhani ya manda apululu ndimaidziwa bwinobwino koma vuto ndi loti mkalasimo muli kamtsikana kamene bambo ake tinawaika mwezi wathawu ndipo kunyumba anakauza kuti adadi apita ku Joni kukagwira ntchito. Anzake onse akudziwa zoona zake poti maliro anali a mlayini momwemo, nde ine ndikaima kutsogolo nkumati akufa adzauka wina nkungotulutsa mawu kuti ngati adadi ake a uje, ndipanga bwanji?

Yami wa ku Sadzi: Eeeh ku Joni?? nde mwanayo akuwerenga masiku kuti adadi abwera ndi njinga pa Khirisimasi

Anaphiri: Ndaswera bwino kaya nonse. Make Tadala musawaweruze makolowo, umo ndi mmene tinakulira tonse. Kwathu ku Jali kukagwa maliro ana amatisonkhanitsa kunyumba ina kutali ndi siwa, bokosi likamadutsa amatilowetsa mnyumba nkutseka chitseko, ukafunsa amati agogo apita kumunda wakutali. Kumanda mwana samapondako. Sikunali kuuma mtima ai, amaopa kuti mwana azilota zoopsa ndi kudzidzimuka usiku. Ine ndikuti phunzitsani za Yesu yekha basi, za bambo akewo zisiyeni eni ake adzamuuza akakula

Sis Chikondi: Mai Anaphiri ndakumvani ndipo ulemu wanu, koma ine ntchito yanga ya unamwino yandionetsa zina. Mwana samadikira kuti akule kuti adziwe, amamva kwa anzake pa fulaye kapena pa mjigo ndipo amamva moipa, wina amangomuuza pokangana kuti iwe bambo ako anafa anawakwirira. Tsiku limenelo amataya zinthu ziwiri, bambo ake komanso chikhulupiriro mwa mai ake omwe amunamiza. Nde mai omwewo mawa akamuuza kuti Yesu anauka ndipo adadi adzauka, akhulupirira bwanji poti za ku Joni zija zinali zabodza

Sis Chikondi: Komanso tiziona msinkhu. Mwana wosakwana zaka 5 nthawi zambiri sazindikira kuti imfa ndi yosabwerera, ukamuuza lero kuti amwalira mawa afunsanso kuti abwera liti, nkuja lake afunsanso. Si kupusa kapena mwano, mutu wake wafika pomwepo. Kuyambira cha mma 6, 7 ndi pomwe zimayamba kulowa zoti munthu akafa sabwerera ndipo aliyense adzafa, nde mantha amayambanso pomwepo, amayamba kufunsa kuti amami nanunso mudzafa? Kalasi ya Make Tadala ili ndi magulu onse awiri

Make Tadala (Matawale): Zoonadi, ta zaka 4 timangomvera nkhani ngati nthano koma a 7 mafunso ake ndi ngati apolisi kkk

A Mbewe: Madzulo abwino. Nkhani yobisa imfa ndi mawu ofewa ilimo m'Baibulo momwemo. Tsegulani Yohane 11. Yesu anawauza ophunzira kuti bwenzi lathu Lazaro ali mtulo ndikupita kukamudzutsa, ophunzira aja nkumati Ambuye ngati wagona ndiye kuti achira. Sanamve. Vesi 14 ikuti pamenepo Yesu anawauza momveka kuti Lazaro wamwalira. Nde taonani amenewa anali akuluakulu andevu zawo, asodzi, wina wokhometsa msonkho, koma mawu oti wagona anawasokoneza mpaka Ambuye anachita kunena poyera. Nanga mwana wa zaka 5? Ine sindiona mmene ungaphunzitsire kuti imfa inagonja kwa mwana amene sunamuuze kuti imfa ilipo. Lachisanu Loyera limayamba, Lamulungu limabwera pambuyo

Sis Chikondi: A Mbewe mwandilankhulira. Mawu oti wagona ndi amene ndimadana nawo kwambiri kwa ana. Mwana wa achemwali anga anapita naye kokaona nkhope ya agogo ake, wina nkumuuza kuti usalire agogo angogona, kuyambira tsiku limenelo kugona kunali nkhondo, akafuna kutseka maso amadzidzimuka nkumagwira mai ake kumaso kuti asagone, amati mukagona akuikani m'bokosi

Nangondo (Chinamwali): Koma abale tisataye mawu a m'Baibulo chifukwa cha mantha. Ife a Seventh Day timaphunzitsa ana kuti akufa ali mtulo mmanda sadziwa kanthu bi, Mlaliki 9:5, ndipo adzadzuka Yesu akadzabweranso ndi lipenga, 1 Atesalonika 4. Kumuuza mwana kuti adadi ali kumwamba akukuona ife sitimatero. Ndipo ana amamva bwino ukawafotokozera kuti ndi tulo tina tosiyana ndi ta pamphasa, toti wodzutsa wake ndi Yesu yekha

A Katekisiti (Thondwe): Mai Nangondo nanga mbava ija ya pamtanda anaiuza kuti lero lino udzakhala nane m'Paradizo? Ife Akatolika timati thupi limagona mmanda koma mzimu umapita pamaso pa Mulungu, nchifukwa chake timawapempherera omwalira

Nangondo (Chinamwali): A Katekisiti vesi imeneyo tikaiyamba tigona pano kkkk

Admin: Eee chonde tisaiyambe. Gulu lino muli a CCAP, Akatolika, a Anglican, a Seventh Day, a Pente, aliyense akaphunzitse za pakatipo monga mwa mpingo wake. Chomwe tonse timavomereza ndi choti Yesu anafadi, anaukadi ndi thupi, ndipo akufa adzauka. Tiyeni tithandize Make Tadala pa zimenezo

Abiti (Malosa): Ine pa za kamtsikanako ndikuti si ntchito ya mphunzitsi kuulula mkalasi, zingakhale zoipa kwambiri mwana kumva pagulu. Pitani kwa mai ake Pasaka isanafike, musapite nokha, tengani mai mmodzi wa Mvano amene amagwirizana nawo kapena mai busa. Muwauze kuti phunziro likubweralo ndi lakuti, ndipo ana ena akudziwa, ndi bwino mwana amve kwa inu mai ake ife tili pambali. Mwina mai akewo sakubisa dala, mwina akungosowa poyambira, munthu woti nayenso misozi sinaume. Akakana musakakamize, apempheni kuti Lamulungu limenelo mwana akhale nawo mtchalitchi chachikulu

Make Tadala (Matawale): Imeneyo ndaitola Abiti. Mai busa amawadziwa bwino, ndiwaimbira mawa mmawa. Koma mawu ake enieni oti mai akewo anene ndi otani, poti akandifunsa ndisakangoti kukamwa yasa

Sis Chikondi: Achidule komanso oona. Adadi anadwala kwambiri, madokotala anayesetsa koma thupi lawo linasiya kugwira ntchito, anamwalira. Sakupumanso, sakumva kuwawa, sakumva njala kapena kuzizira. Sabweranso kunyumba kuno. Si chifukwa cha iwe. Ine ndilipo ndikusamala. Kenako nde za Yesu, kuti Yesu amawadziwa adadi ndipo tsiku lina adzawaukitsa. Za njala ndi kuzizirazo musazidumphe, ana amavutika nazo kwambiri, mvula ikamagwa usiku amaganiza kuti adadi akunyowa kumanda kapena akubanika m'bokosi

Anaphiri: Mmm apo nde mwandikhudza. Mdzukulu wanga anandifunsa zomwezo, akuti agogo aamuna tinawasiya opanda bulangete. Koma ine ndikanali pomwe paja kuti kumanda ana ai

Yami wa ku Sadzi: Ine ndili ndi ina yovuta. Chaka chatha ndimaphunzitsa ana a zaka 8, 9 ndafotokoza bwinobwino mwala wakunkhunizidwa Yesu watuluka, kamnyamata kena kakweza mkono nkumati atitcha nde Yesu anasanduka ndondocha? Kalasi yonse phwete kuseka koma iko kanali siriyasi

Make Tadala (Matawale): Ambuye wanga kkkkk Yami unayankha chani

Yami wa ku Sadzi: Ndinangoti ai ai ai kenako ndinayambitsa kolasi

A Mbewe: Musaseke kwambiri, funso limenelo ndi lanzeru ndipo ndi la kuno kwathu. Mwana wa ku Zomba asanamve za kuuka kwa Yesu amakhala atamva kale za munthu wotuluka mmanda, koma wamva za mzukwa, za ndondocha zoti munthu anamupha mmatsenga nkumamulimitsa kumunda usiku atamudula lilime, kuphatikiza mafilimu a ku Nigeria aja amaonera mmavidiyo sho a kwa Mpondabwino. Kwa iye wotuluka mmanda ndi chinthu chothawa. Nde ife tikangoti Yesu anatuluka mmanda aleluya, iye mmutu mwake mukubwera chithunzi china. Nkofunika kuwaonetsa kusiyana kwake ndipo Luka 24 anatichitira kale ntchitoyo. Ophunzira nawonso anaopa, amayesa akuona mzimu. Yesu anati taonani manja anga ndi mapazi anga, ndikhudzeni, mzimu ulibe mnofu ndi mafupa. Kenako anafunsa kuti muli ndi chakudya pano? Anamupatsa chidutswa cha nsomba yootcha nkudya iwo akuona. Ku Yohane 21 anawasonkhera moto mmbali mwa nyanja nkuwakonzera kadzutsa. Amalankhula, amaitana anthu ndi maina awo, Mariya, Simoni, ndipo akafika amati mtendere ukhale ndi inu. Paulo akuti tsiku lina anaonekera kwa abale oposa 500 nthawi imodzi. Palibe amene anamugwira ukapolo, anauka yekha ndi mphamvu ya Mulungu ali mfulu

Abiti (Malosa): Nkhani ya nsombayo ana amaikonda zedi. Ine ndimabweretsa matemba a ku Chilwa ootcha mkambale, tikafika pa vesi imeneyo aliyense amatenga kamodzi. Amakumbukira mpaka chaka chinacho, ukawafunsa kuti Yesu atauka anachita chani amakuwa kuti anadya matembaaa

A Katekisiti (Thondwe): Kkkk Abiti mwasintha Malembo

Abiti (Malosa): Nsomba ndi nsomba a Katekisiti

Make Tadala (Matawale): Nde kwa tiana tating'ono kwambiri nkhani yabwino kuyamba nayo ndi iti? Lazaro ndimaona ngati ikuopsa, munthu wa masiku 4 mmanda, Marita akuti wayamba kununkha, akutuluka atakulungidwa nsalu

Nangondo (Chinamwali): Yambani ndi mwana wa Yairo, Marko 5. Ndi mwana mnzawo, wa zaka 12, zikuchitikira mnyumba osati kumanda, bambo ndi mai ake ali pomwepo, Yesu akumugwira dzanja nkumuuza kuti buthu dzuka, ndipo pomaliza akuti mpatseni chakudya. Palibe choopsa. Ina ndi ya mnyamata wa ku Naini, Luka 7, anthu anyamula chithatha akupita kumanda Yesu nkuwaimitsa panjira nkumupereka mnyamatayo kwa mai ake. Ana athu amaona maliro akudutsa mumsewu tsiku ndi tsiku nde chithunzi chimabwera msanga

Sis Chikondi: Koma konzekani, mukangomaliza nkhani imeneyo mwana wamasiye afunsa kuti nanga bwanji Yesu sanabwere kudzadzutsa amami anga. Limabwera ndithu funso limenelo

A Mbewe: Limabweradi, ndipo ndi pamene aphunzitsi ambiri timathawira ku kolasi ngati Yami. Ine ndimawauza chonchi. M'Mauthenga onse anayi anthu amene anatchulidwa kuti Yesu anawadzutsa ndi atatu okha, mwana wa Yairo, mnyamata wa ku Naini ndi Lazaro, pamene anthu amamwalira tsiku lililonse m'dziko lonselo. Ndipo atatuwo anadzakalamba kapena kudwala nkumwaliranso, Lazaro maliro ake anachitika kawiri. Zija zinali zongoonetsa kuti Yesu ali ndi mphamvu kuposa imfa. Kuuka kwa Yesu mwini ndi kwina, Aroma 6:9 akuti sadzafanso, imfa ilibenso ulamuliro pa iye. Kumeneko ndi kumene walonjeza amami ako, koti akadzauka sadzadwalanso, sipadzakhalanso maliro ena. Liti? Sitikudziwa tsiku lake, ndipo kudikirako nkowawa, ineyo ndimawasowanso mai anga. Mwana ukamuuza kuti nawenso umasowa wina amakuyang'ana mwina, amaona kuti sali yekha

Yami wa ku Sadzi: Lazaro maliro kawiri kkkk adzukulu a ku Betaniya anadya nsima kawiri

Anaphiri: Iwe Yami ulemu

Bro Madalitso (Chikanda): Ndalowa mochedwa netiweki imavuta. Ine ndikuona ngati tikuchepetsa mphamvu ya Mulungu. Yesu ndi yemweyo dzulo lero ndi kunthawi zonse, ana tiziwaphunzitsa kuti ndi chikhulupiriro akufa atha kudzuka ngakhale lero

A Mbewe: Achimwene palibe akukana kuti Mulungu angathe. Koma taganizani mwana wa zaka 6 mwamuuza kuti ukapemphera ndi chikhulupiriro adadi adzuka, iye nkukagwada usiku onse kupemphera ndi mtima wake onse, kukucha adadi kulibe. Aganiza chani? Kuti chikhulupiriro chake nchochepa, kuti walephera kuwapulumutsa adadi ake. Katundu ameneyo ndi wolemera kwa munthu wamkulu nanji mwana. Komanso ana akuona zinthu pa foni, mukukumbuka kanema uja wa ku South Africa wa mu 2019 munthu akudzuka m'bokosi kukamwa yasa pamaso pa mpingo, dziko lonse linaseka ndipo makampani a maliro omwe anatchulidwa anakana kuti sizikuwakhudza. Tikasakaniza kuuka kwa Ambuye ndi zoterozo mwana akadzakula adzataya zonse pamodzi

Bro Madalitso (Chikanda): Za kanemayo ndikuvomereza zinali zochititsa manyazi. Koma ine ndipitiriza kuwauza kuti Mulungu amachita zozizwa

Abiti (Malosa): Auzeni, bola musawalonjeze tsiku

Sis Chikondi: Pali mawu ena omwe timakonda pa maliro omwe ndikupempha tisamawanene kwa ana. Mulungu wawatenga chifukwa amawakonda kwambiri. Mulungu wathyola duwa lake. Kwa ife akulu ndi chitonthozo koma mwana amamva kuti Mulungu ndi amene walanda amami, nde akufunanso kuti ine ndizimukonda? Wina amaopa kukhala mwana wabwino kuti Mulungu angamukonde nkumutenganso. Komanso tisakometse kumwamba mpaka mwana nkuyamba kunena kuti ndikufuna ndife ndikawapeze amami, mukamva mawu amenewo musaseke, khalani naye pansi

A Katekisiti (Thondwe): Apa ndikugwirizana nanu kwathunthu. Paulo sanati imfa ndi bwenzi, 1 Akorinto 15:26 akuitchula kuti mdani wotsiriza. Mdani. Ndipo Yesu pa manda a Lazaro analira, chonsecho amadziwa kuti pakangopita mphindi zochepa amudzutsa. Vesi imeneyo ana anga a Tilitonse amaikonda poti ndi yaifupi, Yesu analira, basi waloweza. Ine ndimawauza kuti ngati Yesu analira ndiye palibe amene angakuletse kulira. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 tinali ndi ana mmakalasi omwe anataya abale, nyumba kugwa usiku madzi kutenga anthu, ndipo Pasaka inabwera patangopita milungu yochepa. Sitikanatha kungoimba aleluya ngati palibe chachitika. Tinawasiya ajambule, wina anajambula nyumba yawo ili mmadzi, wina anajambula mchemwali wake, kenako tinayatsa kandulo nkutchula maina mmodzimmodzi. Ena analira, ena amangofuna kukasewera panja ndipo tinawalola

Sis Chikondi: Eya zoti mwana akusewera sizitanthauza kuti sizikumukhudza. Amalira pang'ono nkukasewera nkudzabweranso. Ena amayambanso kukodza pogona kapena kukakamira mai awo, osawakalipira

Anaphiri: Ife timaimba pa siwa usiku onse nyimbo za chiyembekezo misozi ili mbwembwembwe, zonse ziwiri pamodzi. Maliro nkulirana. 1 Atesalonika 4:13 sakuti musalire, akuti musalire ngati opanda chiyembekezo. Kungoti masiku ano kwabwera kachitidwe koti wolira akumuuza kuti ulibe chikhulupiriro, ine zimenezo ai

Make Tadala (Matawale): Nanga chochita ndi manja? Tiana timeneti kukhala phee mphindi 10 ndi chozizwa kale

Nangondo (Chinamwali): Dzalani mbewu. Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 15 kuyambira vesi 36 akuti chimene ufesa sichikhala ndi moyo ngati sichifa, ndipo chomera sichifanana ndi kambewu kaja. Ine ndimadula mabotolo a pulasitiki pakati, kuboola pansi ndi msomali wamoto, dothi la kudimba, mwana aliyense njere za nyemba ziwiri kapena zitatu. Amakumba ndi chala, kuika, kukwirira yekha, ndimawafunsa kuti nyemba ija ili kuti? Akuti yapita. Tiionanso? Ena eee ena ai. Dzalani Lamulungu la Kanjedza, kwa inu a Lamulungu, pofika Pasaka zimakhala zitasuzumira, kamutu kopindika kaja katanyamula khungu la njere pamwamba. Ndiye mumazula imodzi nkuwaonetsa kuti njere ija yafwafwaza yatha koma taonani chatulukamo. Ikani dzina pa botolo lililonse apo ayi ndewu

Nangondo (Chinamwali): Chenjezo, dzalaniko zina zapadera kunyumba. Wina amathirira kasanu patsiku mpaka njere kuola, tsiku la phunziro botolo lake lokha mulibe kanthu, nde mwana woti mukumuphunzitsa za kuuka yake yokha sinauke, mumayamba nazo pati kkk

Yami wa ku Sadzi: Kkkkk kusinthanitsa mabotolo mwakachetechete, bodza loyera

Sis Chikondi: Yami tangomaliza kumene kukamba zosanamiza ana

Abiti (Malosa): Ndili ndi funso lina lomwe kuno kwathu silithawika. Theka la ana anga ali ndi achibale Achisilamu, inenso bambo anga anali Msilamu. Mwana amafunsa kuti anganga anga amapita ku mzikiti, anawaika mu sanda opanda bokosi, nawonso adzauka? Ali kuti? Mphunzitsi wina wachinyamata anamuyankha mwana kuti ali kumoto, mwana anafika kunyumba akulira, mai ake anabwera kutchalitchi atalusa ndipo kuyambira pamenepo ana onse a banja limenelo anasiya kubwera

A Mbewe: Zomvetsa chisoni. Ameneyo anakhala pa mpando woti si wake. Yohane 5:28 akuti onse ali mmanda adzamva mawu ake, onse. Woweruza ndi Mulungu, ndipo Abrahamu anafunsa kale pa Genesis 18 kuti kodi woweruza wa dziko lonse sadzachita zolungama? Ine kwa mwana ndimati Mulungu amawadziwa anganga ako kuposa mmene iwe ndi ine timawadziwira, ndipo salakwitsa. Kenako ndimabwerera kwa iye, kuti iweyo Yesu akukuitana umutsate. Sindimulonjeza zomwe sindikudziwa komanso sindimuopseza

A Katekisiti (Thondwe): Ndipo anzathu Achisilamu nawonso amakhulupirira za tsiku la kuuka kwa akufa ndi chiweruzo, kusiyana kwathu kuli pa Yesu ndi mtanda. Nde mwana akamva kunyumba kwa anganga zoti akufa adzauka asadabwe

Bro Madalitso (Chikanda): Koma choonadi tisachibise, njira ndi imodzi

Abiti (Malosa): Sitikubisa achimwene, tikuti mwana wa zaka 6 amene waika agogo ake dzana si woti tizimuyesera ulaliki wa pamsika

Sis Chikondi: China chomwe sitinakambe, ufiti. Maliro ambiri kuno samatha opanda kuloza chala, ana amakhala ali pomwepo akumva kuti adadi ako anawadya ndi agogo ako aakazi kapena azakhali. Pena mwana yemweyo ndi amene amanamiziridwa kuti amatamba ndipo ndi amene wapha. Tangoganizani mwana wamasiye akumuuza kuti wapha mai ake. Aphunzitsi tikamva zotere tisangoti tipemphere basi, lamulo la ufiti la 1911 likadalipo ndipo kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Pali nambala yaulere ya ana 116, a YONECO omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba amathandiza pa nambala imeneyo, kapena kukanena kwa a zachitetezo cha ana. Ndipo mkalasi tizinena mobwereza kuti anthu amamwalira ndi matenda, ngozi, ukalamba, osati chifukwa mwana anakana kutumidwa kapena ananena mawu oipa atakwiya

A Mbewe: Ndipo phunziro la Pasaka likugunda pomwepo. Chivumbulutso 1:18 Yesu akuti ndili nazo zofungulira za imfa ndi Hade. Makiyi ali ndi iye, osati mfiti, osati sing'anga. Ana amaopa kudutsa pamanda ngakhale masana, amaopa kulozako chala. Ine ndimatulutsa makiyi a kunyumba mthumba nkuwagwedeza, ndani ali ndi makiyi a imfa? Yesuuu

Anaphiri: Nde mukufuna kunena kuti tiziwatenga kumanda? Ine pamenepo ndiye sindisuntha

A Katekisiti (Thondwe): Ife pa 2 November timapita kumanda kukapempherera omwalira, timalambula, wansembe amadalitsa manda, ndipo mabanja ena amabwera ndi ana. Kuli masana, anthu ambiri, nyimbo, palibe bokosi kapena kulira kwa tsiku la maliro. Ndaona ana akuika maluwa pa chiliza cha agogo awo nkumawerenga dzina mokweza poti angophunzira kumene kuwerenga. Sindikuti aliyense atero, koma kumanda koyamba kukhale kotero kusiyana ndi kongomva nkhani za mizukwa

Sis Chikondi: Ine ndimati mfunseni mwanayo ngati wafika zaka 6, 7. Muuzeni zomwe akaone, kuti kukakhala bokosi, anthu akalira mokweza, akaika mdzenje nkukwirira. Akafuna apite ndi munthu mmodzi woti sakhala wotanganidwa, woti mwana akati ndatopa abwerere naye. Akakana osamukoka, makamaka kokaona nkhope

Anaphiri: Kumudzi mukakachita zimenezo a mfumu ndi adzukulu akakubwezani pachipata pomwe. Za mtauni izo

Abiti (Malosa): Nzoona mai, malo ndi malo. Kwathunso amayi ndi ana ambiri amatsala pakhomo

Admin: Apa sitigwirizana lero ndipo palibe vuto. Funso lomaliza poti bandulo yanga ikutha, amene mukupanga sewero la Pasaka ndi ana mukukonza bwanji?

Yami wa ku Sadzi: Ife manda ndi tebulo lokutidwa ndi bulangete, mwala ndi katoni yaikulu yodula mozungulira. Vuto aliyense akufuna kukhala msilikali chifukwa cha lupanga ndi kugwa pansi, wofuna kukhala Tomasi palibe

Nangondo (Chinamwali): Langizo, musamukulunge mwana nsalu yoyera nkumugoneka ngati mtembo, makolo ena zimawakhumudwitsa kwambiri amati mukumulosera, ndipo tiana tina timalira zenizeni. Yambirani pamene amayi aja akupita kumanda mmamawa, mkatimo mungoika nsalu zopindapinda basi

Make Tadala (Matawale): Nde mngelo avala chani poti nsalu yoyera ndili nayo imodzi yomweyo

Anaphiri: Bwerani mudzatenge bulauzi yanga ya Mvano yakale, imufika mmapazi. Koma ibwere yochapa

Yami wa ku Sadzi: Amene ali ndi katoni ya filiji kapena ya TV yaikulu andiuze ndidzatenge Lachinayi, ya chaka chatha inanyowa ndi mvula mu vesitile